Muyeso Umodzi pa Nthano Zimene Timabwerekana

Kuno kumwera kwa nyanja, buku la nthano silifika pakhomo pa munthu kudzera m'sitolo. Limafika kudzera m'manja. Mphunzitsi wa ku Namwera amalibwereka kwa mnzake wa pa boma la Mangochi, iyeyo adalilandira kwa mlamu wake amene adabwera nalo m'chikwama kuchokera ku Joni, ndipo likamadzafika ku Makanjira kapena ku Monkey Bay limakhala litataya chikuto, masamba ake atafewa ngati nsalu yakale. Masitolo athu ali ndi makope, zolembera ndi mabuku okonzekera mayeso. Mizikiti yathu ili ndi misahafu ndi timabuku ta swala ndi twahara. Nthano zazitali zokha ndizo zilibe nyumba yakeyake pakati pathu, motero zimagona kwa abwenzi, lero uku mawa uko.

N'chifukwa chake mawu aja timanena popereka buku, akuti "tawerengani ili", ndi olemera kuposa mmene timaganizira. Kumene kuli malaibulale ambiri ndi nyuzipepala zounika mabuku, munthu akanamizidwa ndi mmodzi amakawongoleredwa ndi wina. Kwathu kuno bwenzi ndiye sitolo, ndiyenso wounika. Chimene iye wayamikira chimalowa m'nyumba, chimasiyidwa pamkeka pamene ana akusewera, ndipo mawa chimawerengedwa ndi mtsikana wa Fomu 2 amene pobwereketsa paja sitidamuganizire. Kuyamikira buku ndi kupereka umboni, ndipo Msilamu amadziwa kuti umboni uliwonse udzafunsidwa tsiku lina. Funso lathu tsono nali: timayeza ndi muyeso wanji tisananene kuti buku ili ndi labwino?

Tikamacheza pakhonde la mzikiti titatuluka mu swala ya Ijuma, mafunso amene amamveka kawirikawiri ndi awa: kodi mlembi wake ndi Msilamu? Kodi anthu a m'nkhanimo ndi opemphera? Kodi pamapeto woipa walangidwa? Mafunsowa ali ndi malo ake, koma akakhala okha amatisocheretsa mbali ziwiri. Amalowetsa m'nyumba mabuku ofooka chifukwa choti avala mkanjo ndi mzuli, ndipo amatsekera kunja mabuku oona chifukwa choti avundukula chilonda.

Tisanapite patali tiyenera kuyamba tayankha achikulire ena amene amati nthano yopeka ndi bodza basi, ndipo bodza ndi haramu. Nkhawa yawo ili ndi gwero. Omasulira Qur'an ambiri, pofotokoza ndime ya 6 ya Sura Luqman, imene imadzudzula ogula nkhani zachabe pofuna kusocheretsa anthu, amatchula al-Nadr ibn al-Harith. Uyu adali Mkuraishi amene ankasonkhanitsa anthu ku Makka n'kumawasimbira nthano za ngwazi za ku Persia, Rustam ndi Isfandiyar, kuti asakamvetsere Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Koma chimene chidaipa mwa al-Nadr chidali cholinga chake. Paja m'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli hadith yaitali ya Umm Zar', mmene mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adasimbira Mtumiki za akazi 11 amene adapangana kuuzana makhalidwe a amuna awo osabisa kanthu. Mtumiki adamvetsera mpaka pamapeto, nawayankha mayiwo mwachikondi.

Maulama a kale nawonso sadaziope nthano. M'zaka za m'ma 700, Ibn al-Muqaffa adamasulira m'Chiarabu buku la Kalila wa Dimna, mmene nkhandwe ziwiri zimalankhula za mafumu ndi aphungu awo. Maqamat a al-Hariri, amene adamwalira mu 1122, ndi nkhani zopeka za mthyali wina wotchedwa Abu Zayd, koma kwa zaka mazanamazana ophunzira Chiarabu akhala akuziloweza pamaso pa masheikh awo. Ibn Tufayl wa ku Andalusia adalemba Hayy ibn Yaqzan, nthano ya mwana woleredwa ndi mphoyo pachilumba, amene adafika pozindikira Mlengi wake poyang'ana zolengedwa. Bodza ndi kuuza munthu chinthu kuti akhulupirire zimene palibe. Koma agogo akati "padangokhala", ana n'kuvomera kuti "tili tonse", palibe amene wanamizidwa. Onse agwirizana kuti alowe m'nkhani yopeka kuti akatulukemo ndi choonadi.

Muyeso umene tikuufuna suli kutali. Uli mu Sura Yusuf, imene Qur'an yeniyeniyo imaiika pamwamba pa nkhani zonse. Iyi si nthano yopeka. Ndi chivumbulutso, ndipo sitikuifananitsa ndi ntchito ya cholembera cha munthu. Koma kasimbidwe kake n'kotiphunzitsa. Simubisidwa kanthu: ana a mneneri akupangana zopha m'bale wawo, akubwera kwa bambo wawo usiku ndi misozi yonama, atanyamula malaya opakidwa magazi abodza, mkazi wa nduna akutseka zitseko, wosalakwa akukhala zaka m'ndende, amene iye adamuthandiza atamuiwala. Zoipa zonsezi zikuonetsedwa poyera, koma palibe pamene zikutsatsidwa ngati malonda kuti womvera azikhumbire. Ndipo mathero ake, pamene abale aja akuima mwamanyazi pamaso pa amene adamuponya m'chitsime, akumera kuchokera m'zochita zawo zomwe. Apa ndi pamene tikutenga muyeso wathu. Nthano yabwino imanena zoona za mtima wa munthu, imaonetsa choipa osachikometsa, ndipo mathero ake amabadwira m'nkhanimo, sachita kumatidwa ndi mlembi pofuna kukondweretsa a gulu lake.

Tiyambe ndi buku la kwathu, limene ambiri a ife tidalipeza m'manja mwa aphunzitsi kapena akuluakulu athu: Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, la m'zaka za m'ma 1960. Gwengwe adatenga nthano yakale ya pamoto, ya munthu amene adapha m'bale wake chifukwa cha kaduka ndi mbalame imene idaulula chinsinsicho poimba, naitambasula kukhala buku. Bukuli si la Chisilamu, ndipo wofunsa mafunso atatu aja angalibweze pa funso loyamba lomwe. Koma amene adawerenga za ana awiri a Adam mu Sura al-Maida amalizindikira msanga. Kumenekonso m'bale akupha m'bale, ndipo kumenekonso kukubwera mbalame. Khwangwala wa mu Qur'an adaphunzitsa wakupha kukwirira mtembo, pamene mbalame ya Gwengwe ikufukula chimene wakupha adakwirira. M'nkhani zonse ziwiri kanthu kakang'ono kouluka kakuchititsa manyazi munthu amene ankati palibe wamuona. Chofooka cha bukuli n'chakuti, monga zikhalira nthano zochokera pamoto, wabwino ndi woipa amadziwika msanga. Komabe mathero ake ndi oona, choipa chitsata mwini, ndipo ili ndi buku loti liwerengedwe mokweza pabanja, agogo ndi adzukulu ali pamodzi.

Amene amamva Chiswahili, ndipo ku Makanjira ndi ku Mpondasi sasowa, ayenera kuliika bukuli pambali pa Adili na Nduguze la Shaaban Robert, lotuluka mu 1952. Mlembiyu, amene adabadwa kufupi ndi Tanga mu 1909 namwalira mu 1962, amatchedwa tate wa zolembedwa za Chiswahili za makono, ndipo mbiri yake imati makolo ake adali Ayao. Adili ndi munthu wolungama amene abale ake awiri, Hasidi ndi Mwivu, adamwaza chuma chawo, iye n'kumawathandiza. Pobweza ubwinowo adamuponya m'nyanja, ndipo chilango chawo chidali kusandulizidwa anyani kufikira tsiku limene mlandu udafika kwa mfumu Rai, iwo n'kukhululukidwa. Chiswahili chake n'chokoma kutulutsa pakamwa, ndipo chikhululuko cha pamapeto chimatikumbutsa Yusuf ndi abale ake. Koma taonani mayinawo: wolungama, wakaduka, wansanje. Mlembi waweruza kale mlandu tisanamve mboni. Owerenga aliyense amadziika pa Adili, palibe amene amadzipeza mwa Hasidi, chonsecho kaduka amakhala m'mitima ya anthu wamba opemphera ngati ife. Bukuli ndi labwino kwa achinyamata, koma munthu wamkulu amafuna galasi loonetsa zambiri.

Galasi lotero ndi Paradise la Abdulrazak Gurnah, mbadwa ya ku Zanzibar amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2021. Bukuli lidatuluka mu 1994, ndipo tsopano lilinso m'Chiswahili pa dzina loti Peponi. Mpangankhani wamkulu ndi mnyamata wa zaka 12 dzina lake Yusuf, amene bambo ake adamupereka kwa wamalonda wolemera, Aziz. Mnyamatayo ankamutcha munthuyo amalume, osadziwa kuti iye mwini ndi chikole cha ngongole. Akugwira ntchito m'sitolo pamodzi ndi Khalil, chikole mnzake. Akuyenda ndi ulendo wa amtengatenga kulowera kumtunda, kumene mfumu Chatu ikuwalanda katundu. Panjira pakudziwika kuti sadziwa kuwerenga Qur'an ngakhale wakulira m'nyumba ya Msilamu wolemekezeka, ndipo akukhala pamkeka umodzi ndi tiana kuti ayambe alifu. Atabwerera kugombe, mkazi wa Aziz akumufuna, ndipo pothawa malaya ake akung'ambika kumbuyo.

Wowerenga wa Chisilamu amaona msanga kumene Gurnah watenga mayina ndi malaya ong'ambikawo, ndipo ena amakwiya, amvekere walowa m'munda mwa eni. Ife tikuona kuti iye sakukonza Qur'an kapena kuinyoza. Akufunsa chimene chimachitikira mwana wonga Yusuf amene si mneneri, amene kumbuyo kwake kulibe Yaqub womulirira mpaka maso kuyera. Yusuf wa Gurnah sakumananso ndi makolo ake: bambo adamwalira, mayi adasowa. Pamapeto akuthamangira gulu la asilikali a Jeremani, kuchoka m'manja mwa bwana uyu kulowa m'manja mwa bwana wina. Mathero awa ndi owawa, koma ndi obadwira m'nkhanimo. Ndipo bukuli likutikhudza ife a kuno mwapadera. Njira za malonda zochokera kwa Makanjira, kwa Mponda ndi kwa Jumbe ku Nkhotakota kupita ku Kilwa zidabweretsa Chisilamu, nsalu ndi kulemba, koma zidatenganso minyanga ya njovu ndi anthu. Timakonda kusimba mbali yoyambayo, yachiwiriyo n'kuisiyira olemba a mishoni. Gurnah, amene adakulira pakati pa Asilamu a kugombe, waisimba kuchokera m'kati mwa nyumba. Aziz wake amaswali, amapereka sadaka, amanunkhira mafuta abwino, komanso amasunga ana a eni ngati zikole. Tichenjezane pobwereketsa: m'bukuli muli nthabwala zolaula za amtengatenga ndi amuna osilira mnyamata. Ndi la akuluakulu, ndipo woliyamikira anene zimenezi poyera.

Buku limene limayenda kwambiri m'manja mwa alongo athu aphunzitsi ndi anamwino ndi So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal, lolembedwa m'Chifalansa mu 1979, limene lidapata mphotho ya Noma mu 1980. Lonse ndi kalata imodzi. Ramatoulaye, mphunzitsi wa ana 12, akulembera bwenzi lake la paubwana, Aissatou, ali mu eda ya miyezi inayi ndi masiku khumi. Mwamuna wake Modou wamwalira, koma adali atamusiya kale. Atakhala m'banja zaka 25 adakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo, ndipo uthengawo Ramatoulaye adaulandira nikah itachitika kale, kuchokera pakamwa pa imamu ndi alamu ake. Kuyambira pamenepo Modou sadapondenso pakhomo. Pa tsiku la 40 la maliro, mkulu wake wa malemuyo akunena zofuna kumulowa chokolo, ndipo mayi amene adakhala chete zaka zonsezi akuyankha.

Amuna ena amalikana bukuli, amati likulimbana ndi mitala imene Allah adailoleza. Tikuona kuti aliwerenga mothamanga. Ramatoulaye ndi Msilamu wosunga swala ndi eda yake mokwanira, ndipo sakutsutsa Mbuye wake. Akutsutsa mwamuna amene adatenga chilolezo cha mu Sura an-Nisa n'kutaya chilungamo chimene chidamangidwa pa chilolezocho. Ndani wa ife sadziwa khomo limene bambo adapita ku Joni, ndalama n'kubwera chaka choyamba, chachiwiri foni n'kuzima, chachitatu n'kumveka kuti ali ndi banja lina? Mayi wa pakhomo limenelo sali pabanja, sadapatsidwe talaka, sali mu eda. Bâ wamupatsa mawu mayi wotere. Bukuli lili ndi chilema chake: amuna ake ambiri ndi ofooka mofanana, ndipo Binetou timangomuonera m'maso mwa mkazi mnzake wopwetekedwa. Koma kalata imalembedwa ndi munthu mmodzi, ndipo wowerenga wanzeru amakumbukira zimenezo. Tikadakonda kuti bukuli lisamangozungulira pakati pa amayi. Amene akulisowa kwambiri ndi amuna, makamaka ife amene timamangitsa nikah ndi kuweruza milandu ya mabanja.

Kwa aphunzitsi a madrasa kuli buku lathulathu: Ambiguous Adventure la Cheikh Hamidou Kane, nayenso wa ku Senegal, la mu 1961. Likuyamba ndi mwalimu wokalamba, Thierno, akulanga mwankhanza mwana amene amamukonda koposa onse, Samba Diallo, chifukwa chophonya liwu powerenga Qur'an. Kenaka akuluakulu a fuko akukangana ngati n'koyenera kutumiza ana kusukulu ya Afalansa, poopa kuti chimene akaphunzire chingawaiwalitse chimene ali nacho kale. Samba akutumizidwa, akufika mpaka ku Paris, akubwerako wogawikana mtima, ndipo akuphedwa ndi munthu wozungulira mutu chifukwa chokana kuswali pamene wamulamula. Mkangano umenewu ndi wa agogo athu enieni. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zidali za mishoni, ndipo makolo a kuno ankakana kutumizako ana poopa kuti akabatizidwa. Adateteza chikhulupiriro, koma dera lathu lidatsalira m'maphunziro, ndipo ngongole imeneyo tikuibwezabe.

Kane ndi woona pa mantha a makolo, ndiponso ndi woona pa ndodo ya mwalimu. Sakumupanga Thierno kukhala chilombo, komanso sakubisa magazi a pakhutu la mwana. Mwalimu aliyense wowerenga masamba amenewo ayenera kudzifunsa chimene mwana amasunga nthawi yaitali, ndime imene adaloweza kapena mantha amene adaloweza nawo. Pamene bukuli likuperewera ndi apa: anthu ake onse amalankhula ngati akatswiri a nzeru zakuya, ndipo njira zimene likuonetsa ndi ziwiri zokha, kukana sukulu kapena kutaya mtima. Ana athu a lero amapita kusukulu mmawa, kumadrasa masana, ndipo ambiri amakula ndi zonse ziwiri popanda kufa nazo. Woyamikira bukuli kwa wachinyamata amuuze kuti akuwerenga za mantha a m'badwo wina, ndi kuti njira yachitatu ilipo.

Tsopano tifike pamene muyeso wathu ukuyesedwa iwo womwe. Nthondo la Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, lidatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolembedwa m'zinenero za mu Africa, ndipo lidamasuliridwa m'Chingerezi ndi Cullen Young. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa, unyamata wake wosokonekera, ufumu wake, mpaka kulowa kwake Chikhristu. Asilamu ambiri oliwerenga amayamikira Chichewa chake ndi chithunzi cha moyo wa pamudzi, koma akafika kumapeto amagwedeza mutu, amati apa ndiye mlembi wayamba kulalikira, nkhani waikokera kumene a mishoni ankafuna. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake.

Koma anthu omwewo akawerenga The Translator la Leila Aboulela wa ku Sudan, la mu 1999, amaomba m'manja. M'menemo Sammar, mayi wamasiye wogwira ntchito yomasulira ku Aberdeen, akukondana ndi Rae, mzungu wophunzira kwambiri za Chisilamu, koma sangakwatirane naye pokhapokha atalowa Chisilamu. Akusiyana, Sammar akubwerera ku Khartoum, ndipo pamapeto kalata ikubwera yonena kuti Rae wapereka shahada. Timasangalala chifukwa mbuzi yagwera kukhola kwathu. Koma tikafunsa mwachilungamo, kutembenuka kwa Rae sitikuona ndi maso. Kukuchitikira kuseri, ife n'kungouzidwa. Ngati tadandaula kuti mathero a Nthara ndi omatidwa, tiyenera kufunsa funso lomwelo kwa Aboulela. Qur'an imachenjeza mwamphamvu amalonda amene amafuna muyeso wodzaza pogula koma amachepetsa pogulitsa. Wounika mabuku naye ali ndi sikelo m'manja.

Sitikunena kuti The Translator litayidwe. Mphamvu yake ili pena, ndipo ndi yaikulu. Aboulela amalemba swala, kusala ndi dua ngati zinthu za tsiku ndi tsiku, zosafuna kupepesera kapena kufotokozera alendo. Ndipo pachimake penipeni pa bukuli ndi pamene Sammar akuzindikira kuti nthawi yonseyi ankafuna Rae alowe Chisilamu kuti iye apeze mwamuna, ndipo akuyamba kumupempherera chifukwa cha ubwino wa Rae mwini. Limeneli ndi phunziro la niya limene khutuba zambiri zimalephera kulifikitsa pamtima. Tikamapereka bukuli kwa mnzathu, tiliyamikire pa chifukwa chimenechi. Chimodzimodzinso Nthondo: tiliwerenge ngati chuma cha Chichewa, tikudziwa kumene mlembi wake adaima.

Owerenga watcheru waona kale chinthu chimodzi. Mabuku onse amene tatchula onena za moyo wa Asilamu ndi a ku Senegal, ku Tanzania ndi ku Sudan, ndipo ali m'Chingerezi kapena m'Chiswahili. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mayi wa ku Malombe amene amawerenga Chichewa chokha sangamete nako. Nthano zazitali za Chichewa zidakulira m'nyumba zosindikizira za mishoni ndi m'masukulu, ndipo m'mabuku amene takhala tikubwerekana a olemba monga Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi timapezamo Malawi amene timamudziwa, wa njala, wa ana amasiye, wa chikondi chosweka, koma Msilamu wa kunyanja ngati mpangankhani wamkulu ndi wosowa. Olembawo sitingawadzudzule, pakuti munthu amalemba za pakhomo pake. Ngakhale mbiri ya Ayao yoyamba kusindikizidwa m'Chiyao, Chiikala cha Wayao ya mu 1919, idalembedwa ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican. Mlakatuli wotchuka wa m'boma lino, Jack Mapanje wa ku Kadango, amalemba m'Chingerezi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo kuno ku Mangochi ndife ochuluka. Qur'an tili nayo m'Chichewa ndi m'Chiyao, timabuku ta fiqh tilipo, koma nthano zathu zikadali pakamwa.

Chonsecho nkhani zili mbwee. Msodzi wa chilimira amene amachezera panyanja ndi nyali, n'kufika kumtunda nthawi ya Fajr itadutsa. Mtsikana amene wakhoza mayeso a Sitandade 8 mwezi womwe akwawo alandira mawu a mnyamata wa ku Joni. Abale awiri a bere limodzi amene sadyerana chifukwa wina amachita sikiri pamaliro, wina amati ndi bidaa. Mwalimu amene malipiro ake ndi mbale ya usipa. Amene adzalembe zimenezi adzakumana ndi mayesero amene tawaona mwa Shaaban Robert ndi mwa Nthara, ofuna kuweruza mlandu msanga ndi kukondweretsa a kwawo. Adzawapewa ngati adzakhala atakulira pakati pa owerenga odziwa kusiyanitsa nthano yoona ndi yokometsera. Olemba abwino amabadwa kumene kuli owerenga ovuta kuwanamiza, ndipo owerenga otero amaumbidwa m'macheza omwe aja a pakhonde la mzikiti.

Tsono pobwerekana mabuku tisunge zinthu zingapo. Tisayamikire buku limene sitidalimalize kapena limene tangomva kwa ena, paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Tinene loyenera ndani, pakuti loyenera bambo wa zaka 40 si loyenera mwana wake. Tinene ubwino wake pamodzi ndi chilema chake, monga amachitira wamalonda woopa Allah pogulitsa mbuzi. Tikamaliza buku la Chingerezi kapena la Chiswahili, tilisimbe m'Chichewa kapena m'Chiyao kwa a m'nyumba mwathu amene sangaliwerenge, timve maganizo awo, chifukwa kawirikawiri mayi amene sadapite patali ndi sukulu amamumvetsa Ramatoulaye kuposa ife a masatifiketi. Nthano isalande malo a Qur'an kapena nthawi ya swala. Ndipo buku lobwereka ndi amana: libwerere kwa mwini wake, masamba ake ali onse, kuti lipitirize ulendo wake wa ku Katuli ndi ku Nankumba.

Allah ndiye Wodziwa koposa.